Kumbuyoku Kwatha

Anandilanda kiyi wa njinga yamoto. Anandilanda pabwalo, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndisanavule ndi chipewa chomwe. Wolandayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamkulu. Njingayo inali yake, zimenezo sindikana. Koma woyendetsa ndinali ine, ndipo chisiyireni sukulu mu giredi teni ndinalibe podyera pena koma pa njinga imeneyo. Zoti sukulu ndinasiyiranji musandifunse. Nkhani ino ndi ya gudumu.

Ndinkakhala kwa mlamu wangayo ku Chipata, m'kachipinda ka kuseri komwe ankasungiramo matumba a mtedza. Iye ndi munthu wa malonda. Amagula mtedza ndi soya m'midzi n'kukagulitsa kwa anthu odutsa pa boda ya Mwami. Njinga anaigula kuti ndizinyamulirapo anthu m'tauni, koma m'mawa uliwonse ndisanapite pa siteji ankayamba waimangirira matumba, lina pamwamba pa linzake, mpaka ine kusowa pokhala n'kukanjanja pa thanki ngati nkhuku yopita kumsika. Ndikati, "Alamu, njinga si ngolo," ankayankha kuti, "Ngolo sidandaula, mlamu. Tengerapo phunziro."

Gudumu lakumbuyo linayamba kudandaula mvula itangotha. Poyamba kanali kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga m'chipinda china. Kenako linayamba kung'ung'udza ngati chigayo chakutali, ndipo ukathamanga, nalo linkakweza mawu. Pokhota, kumbuyo kunkachedwa kutsatira, kutsogolo kwapita kale. Ndikaima n'kugwira pakati pa gudumupo, pa habu, pankatentha moti sukanasiyapo dzanja. Ndinawauza alamu. Anati ndi tcheni. Ndinathira oilo pa tcheni. Anati ndi mpweya. Ndinapopa. Anati ndi makutu anga.

Ndiye Loweruka lina anandituma ku Chiparamba kukatenga mayi ake. Kunyumba kunali kaphwando kolangiza mtsikana wina wa kutchalitchi amene ankalowa m'banja, ndipo amayiwo ndi amene ankayembekezeka kudzatsegula zonse ndi pemphero. Ndi mayi a thupi. Mulungu powapatsa sanaumire, ndipo iwo amadziwa, n'chifukwa chake safuna kuti wina adziwe mokweza. Anakwera chammbali, chitenje chatsopano, duku lowuma ndi kusita, dzanja lawo lili paphewa panga ngati wapolisi wagwira wakuba. Msewu wafumbi uja unali utakumbika ndi madzi. Njira yonse gudumu linkalira, njinga inkavina, ine ndikungoganiza kuti tikagwa pano ndidzauza ndani.

Tinafika. Pabwalo panali amayi odzaza mphasa, mlongo wanga akuyendetsa mabeseni. Ndinazimitsa injini. Mlamu wanga anatuluka akupukuta m'manja n'kufunsa kuti, "Mwayenda bwanji?"

Amayiwo anali asanatsike. Ankafufuza pansi ndi phazi limodzi.

"Tafika mwa chisomo," ndinatero. "Koma alamu, kumbuyoku kwatha. Kukugwedera njira yonse. Pa mabampu ndiye kumachita kutulutsa mawu."

Ndipo ndinaloza ndi chala chachikulu kudzera paphewa.

Pamphasa onse anatembenukira kwa ife. Kenako mayi wina pamphasa anatsokomola chitsokomolo chomwe sichinali chifuwa.

"Kumbuyo kwa ndani?" anafunsa amayi a mlamu, mawu ali pansipansi.

Ine ndinali nditatopa, fumbi lili m'mano. "Pomwe mwakhalapo pomwepo, amayi. Pansi panupo."

Mphasa yonse inaphulika. Wina anagwera mnzake. Mlamu wanga anatambasula dzanja, n'kuzula kiyi, n'kuika m'thumba la thalauza. Amayiwo anatsika okha, anakonza chitenje, nalowa m'nyumba osayang'ana munthu. Pemphero anatsegula wina.

Madzulo ake mlongo wanga anandikokera kukhitchini.

"Iwe, pakamwa pakopo padzakuphetsa! Ukudziwa kuti apongozi anga akana kudya?"

"Asisi, ine ndimanena gudumu."

"Ndiye gudumu lilibe dzina? Ukanati gudumu chikanakuluma n'chiyani?"

Pa siteji tonse timatero. Kutsogolo kwatha, kumbuyo kwatha, palibe amene amakwiya. Ndinawafotokozera zimenezi alamu. Iwo anayang'ana kukhomo kaye kuti mayi awo sakumva.

"Mlamu, ine phokosolo mwina ndinalimvako," anatero. "Koma awa ndi amayi anga. Akuti sabwerera kumudzi mpaka mlanduwu uthe, ndipo kiyi ukamugwiranso iwo ali moyo ndiye kuti ine si mwana wawo."

"Ndiye ndidye chiyani?"

"Waonetse. Ngati gudumulo likudwaladi, tulutsa matendawo awaone ndi maso. Koma ine sindiikapo ngakhale ngwee."

Kumasula gudumu sikufuna kiyi. M'mawa mwake, anthu atabwera kutchalitchi, ndinakokera njinga pakati pa bwalo n'kuiimika pa sitandi yapakati kuti gudumu lakumbuyo lilendewere. Amayi aja anatulutsa mpando pakhonde, anakhala, n'kuyamba kusenda mtedza m'lichero. Sanandilankhule. Ankalankhula ndi lichero.

Ndinagwira gudumu ndi manja awiri, dzanja lina pamwamba lina pansi, n'kukankha uku ndikukoka uku. Gwede, gwede. Gudumu labwino silimayankha ukalifunsa chonchi. Ndinaitana alamu kuti agwire okha. Anagwedeza, anamva, anayang'ana pakhonde, n'kunena kuti, "Mwina analipanga choncho kuti lizipuma."

Ndinapitiriza kufufuza. Ndinagwira mikono iwiri yachitsulo imene imanyamula gudumu, kuti mwina kugwederako kukuchokera kumeneko. Inali gwa. Ndinagogoda masipoko limodzilimodzi ndi sipana, onse ankalira bwino, panalibe lomasuka. Ndinachotsa tcheni kuti asandisokoneze, n'kupukusa gudumu ndi dzanja. Kholokocho, kholokocho. Ndinatenga sikuludiraiva, nsonga ndinagunditsa pa ekiselo, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo, chogwirira ndinaika pakhutu. Mkatimo munkamveka ngati munthu akupera mchenga ndi mwala.

"Taonani," anatero amayi aja kuuza lichero, "amakanika ayamba kuombeza."

Anali maberingi. Timphete tachitsulo tija tokhala ndi timipira mkati, timene timachititsa kuti gudumu lizizungulira mosalala. Ndinkadziwa kale, koma tsopano ndinafunika kuwatulutsa.

Zida ndinakabwereka kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo ku Kapata. Munthu ameneyo sakhulupirira ngakhale mthunzi wake, moti anandigwirira foni ngati chikole. Nditabwera ndinayala thumba pansi. Ndinamasula kandodo ka buleki, ndinamasula tomangira tcheni, kenako nati wamkulu wa ekiselo. Natiyo anali atamangidwa ndi munthu wokwiya. Ndinaponda sipana ndi phazi, sipana inaterereka, ndipo ndinakhala pansi pafumbi mosakonzekera.

"Kumbuyo kwatha," anatero amayi aja, osatukula mutu.

Ndinameza. Ndinadzuka, ndinapondanso, nati anagonja. Ekiselo ndinaigogoda ndi mtengo mpaka inatuluka mbali inayo, gudumu n'kugwera m'manja mwanga. Mbale ya mano imene tcheni amayendapo inachoka ndi timalabala take, ndipo nayo ili ndi beringi yake, yachitatu kuonjezera pa awiri a mu habu. Ndinailowetsa chala n'kupukusa. Nayo inali ikukukuta. Chilichonse ndinkachiyala pa thumba motsatana ndi mmene chachokera, kuti pobwezera ndisasochere.

Maberingi awiri a mu habu samatuluka ndi ulemu. Pakati pawo pamakhala kapaipi, ndipo umayenera kukakankhira pambali pang'ono kuti ndodo yachitsulo ipeze pogunda. Ndinagoneka gudumu pa timatabwa tiwiri, ndinalowetsa ndodo, n'kumagogoda mozungulira, apa pang'ono, apo pang'ono, kuti beringi isatuluke chopendekera n'kuwononga malo ake. Yoyamba inatuluka yathunthu. Yachiwiri inangoti phwa, n'kumwazika. Timipira tinabalalika pabwalo ngati nandolo, abakha a mlongo wanga n'kuthamangira. Ndinalimbana nawo mpaka ndinatola tingapo. Tinali tadzimbiri, tokumbikakumbika. Girisi munalibe. Munali matope ofiira a misewu yonse imene njingayo inadutsa.

Ndinapukuta beringi yathunthu ija kuti nambala yake ioneke, ndinaiika m'thumba, n'kuyenda wapansi kupita kumashopu. Munthu woyendetsa njinga akamayenda wapansi, anzake a pa siteji samusiya. Wina anachepetsa liwiro pambali panga.

"Bwana, tikupatseni lifiti? Kumbuyoku n'kwabwino, sikunathe!"

Nkhani inali itafika kale kumsika. Ndinagula maberingi atatu otsekedwa mbali zonse ndi kachitini ka girisi, ndi ndalama zimene ndinkasungira nsapato.

Mkulu wa ku Kapata uja anandiuzapo kuti chitsulo chikazizira chimanyala pang'ono, ndiye beringi yozizira imalowa mosavuta. Mlongo wanga ali ndi firiji yomwe amaumitsiramo mafiriziti ogulitsa kwa ana a sukulu, ndipo tsiku limenelo magetsi analipo, chinthu chosowa. Ndinakulunga maberingi m'kapulasitiki n'kuwakwirira pansi pa mafiriziti. Gudumu ndinalisiya padzuwa kuti habu itenthe. Sipanapite nthawi, mlongo wanga anakuwa m'nyumba.

"Ndani waika zitsulo m'chakudya cha ana a eni?"

"Zisiyeni, asisi, zikuzizira!"

"Zikuzizira! Zili ndi malungo?"

Pakhonde lichero linauzidwa kuti kwawo munthu woika zitsulo m'chakudya amamudziwa dzina lake.

Atazizira ndinawatulutsa. Ndinapukuta malo ake mu habu, ndinapakamo girisi pang'ono, ndinakhazika beringi yoyamba molunjika. Yatsopano siigundidwa pakati, imagundidwa m'mphepete, pa mphete yakunja. Ndinasanjikapo yakale ija ngati chotchingira n'kumagogoda ndi hamala pang'onopang'ono mpaka mawu anasintha, kusonyeza kuti yafika pansi. Ndinatembenuza gudumu, ndinakhomanso inayo. Inalowa bwino kwambiri moti ndinaimba kamluzu. Ndinalowetsa chala kuti ndimve kusalala kwake.

Chala chinapitirira m'phanga. Mkati munalibe kanthu.

Kapaipi kaja. Kopanda kapaipi kameneko, ukamanga nati maberingi amafinyikira mkati, ndipo sachedwa kufa. Ndinayang'ana pa thumba, panalibe. Ndinakutumula thumba. Ndinakwawa bwalo lonse. Ndinanena mlongo wanga kuti wasesa. Iye anati sanagwire tsache chifukwa pabwalo pake pasanduka galaja. Ndinayang'ana abakha mmodzimmodzi ngati pali amene khosi latupa.

Amayi aja anandilekerera mpaka thukuta litalowa m'maso. Kenako anamasula mfundo ya pa chitenje chawo pang'onopang'ono, ngati akutulutsa chopereka.

"Kodi amakanika akufuna aka? Kanagubudukira pamapazi pangapa kalekale. Ndimati mwina n'kopanda ntchito, poti eni ake sanakafunse."

Anaona ndikukhoma beringi yoyamba. Anaona ndikukhoma yachiwiri. Anamva ndi mluzu womwe. Mawu amene ndinameza nthawi imeneyo anali aakulu ngati mbatata, ndipo anatsika mopweteka. Ndinapita, ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri.

"Zikomo, amayi."

Kuti kapaipi kalowe ndinayenera kutulutsanso beringi imodzi yatsopano, ndipo potulutsa umagunda pakati pomwe sipafunika kugundidwa. Beringi yotero siibwezedwanso. M'mawa mwake ndinayendanso wapansi kukagula yachinayi, ndipo ndinadzera njira ya kuseri kuti a pa siteji asandione. Anandiona.

Ulendo uno zonse zinalowa m'malo mwake. Kapaipi pakati, beringi pamwamba pake, yachitatu m'mbale ya mano. Ndinabwezera gudumu, ndinalowetsa ekiselo nditaipaka girisi, ndinakoka tcheni mofanana mbali zonse kuti gudumu lisayang'ane kumbali, ndinamanga nati, ndinabwezera buleki. Ndinagwira gudumu n'kugwedeza. Silinayankhe. Ndinalipukusa, linazungulira mwakachetechete mpaka ndinatopa kuliyang'ana.

Ndinalowa kukhitchini n'kutenga mbale yoyera ya alendo. Ndinaikamo beringi yophwanyika ija, timipira tadzimbiri tija, ndi yakale yathunthu. Pambali ndinaika yatsopano imene ndinaitulutsa, yomwe pa chala inkamvekabe yosalala. Ndinaitana alamu ndi asisi. Mlongo wanga ataona mbale yake anatsegula pakamwa, koma anatsekanso, chifukwa nayenso anali atatopa ndi kuphikira munthu wodya mobisa. Ndinagwada kutsogolo kwa amayi aja.

"Amayi, matenda aja ndi awa. Lowetsani chala umu, mupukuse."

Anayang'ana mbale, anayang'ana mwana wawo. Analowetsa chala m'yatsopano n'kupukusa.

"Tsopano umu."

Kholokocho. Anachotsa chala msanga. Analowetsanso. Anatola kampira kamodzi n'kukayang'anitsitsa padzuwa.

"Ndiye ine ndinakwera pa zimenezi? Kuchokera ku Chiparamba?"

"Pa zimenezo, amayi. Gudumu likanatha kuuma tikuyenda."

"Ndiye kumbuyo kumanenedwa kuja ndi kumeneku?"

"Komweko, amayi. Pa siteji timatero."

Anayang'ananso kampira kaja. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya duku. Mlongo wanga anaseka nawo, alamu anaseka mopitirira muyeso. Amayiwo analoza mwana wawo ndi kampira kaja.

"Iwe, ukanandipha. Mwanayu anakuuza kapena sanakuuze?"

"Ananenako, amayi."

"Mpatse kiyi wake."

Mlamu wanga anapisa m'thumba. Kiyi anatuluka. Ndinamuona ndi maso angawa, akulendewera pa kachingwe kake kofiira, akubwera kwa ine. Ndinali nditatambasula kale dzanja. Amayiwo anali akuseweretsabe beringi yakufa ija pa chala.

"Koma amakanika," anatero, tsopano mwachikondi, "chimapha tizitsulo timeneti n'chiyani?"

Munthu akandifunsa funso ndimayankha.

"Madzi ndi fumbi, amayi. Koma chachikulu ndi kulemera. Njinga iyi imanyamula zolemera kuposa msinkhu wake. Inkadwala kale, koma ulendo wa Loweruka uja ndi umene unamaliza."

Ine ndinkanena matumba a mtedza. Ndinkanena msewu wokumbika uja. Ndinayang'ana alamu kuti anene okha za matumba awo. Alamu anayamba kuyang'ana malata a nyumba yawo ngati awaona koyamba.

Beringi inasiya kuzungulira pa chala.

"Kulemera," anatero amayiwo.

Mlongo wanga analumphira. "Akuti ndinu olemera, amayi! Achuma! Akunena ng'ombe zanu zija, ndi munda wa thonje uja. Kulemera kumeneko!"

"Ng'ombe zangazo zinakwera nawo njingayi?"

"Amayi, ndimanena matumba," ndinatero.

"Tsopano ndasanduka thumba."

Dzanja la alamu linabwerera lokha, ngati la munthu wogwira mphika wotentha. Kiyi analowanso m'thumba momwe anachokera. Amayiwo anaika beringi m'mbale mwaulemu, anakutumula makoko a mtedza pachitenje, n'kunena kuti kumudzi kuli mdzukulu wawo, mwana wa mchemwali wa alamu, mnyamata wofatsa amene akalankhula amayamba wapempha.

Mnyamatayo anabwera sabata yomweyo. Ndi wofatsadi. Sadziwa kusiyanitsa sipana ndi supuni, koma amati "zikomo" ngakhale kwa bampu. Ndi iye amene anawabweza amayi aja ku Chiparamba. Anakwera chammbali monga kale, dzanja paphewa, ndipo njinga inatuluka pageti osatulutsa mawu alionse. Alamu anaima pakhomo n'kunena kuti mnyamatayu ali ndi dzanja labwino, taonani mmene njinga yakhalira chete.

Ine ndinabweza zida ku Kapata, ndinatenga foni yanga, ndipo mkulu uja anati ngati ndilibe chochita ndizimata machubu pamenepo. Ndi zimene ndikuchita. Njinga ija imadutsa pamsewu womwewo m'mawa uliwonse, matumba ali mpaka kumwamba, mnyamata wofatsa ali pa thanki. Kale ndinkaizindikira ikadali kutali. Tsopano ndimangoona yadutsa.

Ndinawapeza alamu tsiku lina akuyeza soya, ndipo ndinawauza kuti kiyi akhale naye, koma zitsulo zimene zili m'gudumu lawo ndi zanga.

"Ndinanena poyamba, mlamu," anatero, maso ali pa sikelo. "Ngakhale ngwee."

Maberingi anayi ndi kachitini ka girisi. Akadali ndi K230 yanga.